Ophunzira 14 ndi makoleji a ku America: momwe ntchito yofunsira malo ndi ndalama ikuyendera

Zolembazi ndi za alangizi amene tikuthandiza ophunzira 14 a giredi 12 m'masukulu a sekondale a ku United States kufunsira malo ku koleji ndi kupeza ndalama zolipirira. Onse akufuna kuyamba maphunziro mu Ogasiti kapena Seputembala 2026. Mayina sitilemba. Wophunzira aliyense ali ndi nambala, ndipo makoleji amene atumiza makalata a ndalama tikuwatchula ndi zilembo. Chimene timatsata mwezi ndi mwezi ndi chimodzi: ndalama zimene banja lidzatulutse m'thumba kapena kukongola pa zaka zonse zinayi. Kalata yoti mwana watengedwa imasangalatsa, koma banja likalephera kufikira ndalamazo, mwanayo sanapeze koleji.

Ogasiti 2025, sabata yoyamba

Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo ku koleji, yatsegulidwa pa 1 Ogasiti ndipo onse 14 ali ndi maakaunti. Fomu imodziyi imafika ku makoleji oposa 1,000, koma wophunzira mmodzi angaike makoleji 20 okha pa mndandanda wake. Takonza zinthu ziwiri nthawi yomweyo. Asanu analembetsa ndi imelo ya kusukulu. Imelo yotere imatsekedwa mwana akamaliza giredi 12, pomwe makalata a ndalama amapitirira kubwera mpaka Julayi, ndiye onse asintha n'kuika imelo yawoyawo. Chachiwiri ndi dzina. Liyenera kulembedwa ndendende monga lilili pa khadi la Social Security. Koleji imalumikiza fomu yofunsira malo, zotsatira za mayeso a SAT ndi fomu ya ndalama poyang'ana dzina ndi tsiku lobadwa, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana, mapepala a mwana mmodzi amakhala m'mafayilo awiri osadziwana.

Tawagawanso potengera zikalata zokhalira m'dzikomo, chifukwa ndi zimene zimanena thumba limene mwana angatapemo. Ophunzira 11 ndi nzika kapena ali ndi green card (chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale), choncho angalembe FAFSA, fomu yopemphera ndalama za maphunziro, ndi kulandira thandizo la boma la federal, lomwe ndi boma la dziko lonse. Othawa kwawo amene boma linawavomereza kale amaloledwanso. Atatu otsalawo saloledwa: awiri ali pa viza yodalira ntchito ya makolo, mmodzi pempho lake la asylum, loti avomerezedwe ngati wothawa kwawo, silinayankhidwe. Mndandanda wa atatuwa uyenera kudalira ndalama za makoleji eni ake. Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin amasankha ophunzira akunja osayang'ana ngati angathe kulipira, n'kuwapatsa ndalama zonse zimene zikuperewera. Koma ambiri mwa makoleji amenewa satenga ngakhale mmodzi pa ofunsira 10 alionse, ndiye sitingamangirepo tsogolo la mwana.

Ogasiti, sabata yachitatu

Sabata ino ndi ya makolo, ndipo ndi imene timaiona yofunika kuposa zonse. Banja lililonse labwera ndi fomu ya msonkho 1040 ya chaka cha 2024 ndi ma W-2 ake, zikalata za malipiro zochokera kwa owalemba ntchito. Tafunsa funso limodzi mosapsatira mawu: mungalipire zingati pa chaka, zaka zinayi motsatizana, osakongola? Mabanja ena yankho lake ndi $2,000, ena $15,000. Makolo ambiri safuna kutchula nambala pamaso pa mwana poopa kumufooketsa. Ife tikuti aitchule tsopano. Mwana akaimva mu Ogasiti amasankha makoleji mogwirizana nayo. Akaimva mu Epulo amakhala atakonda kale koleji imene sangapiteko.

Kenako koleji iliyonse ya pa mndandanda tayiyesa pa Net Price Calculator. Lamulo la 2008 linakakamiza koleji iliyonse yolandira ndalama za federal kuika chowerengera chimenechi pa tsamba lake, ndipo kuyambira 2011 zili paliponse. Mumalowetsa ndalama zimene banja limapeza, zimene lasunga ndi chiwerengero cha anthu a m'nyumba, chimakuuzani mtengo wotsala thandizo laulere likachotsedwa. Chimalakwitsa kwambiri pa mabanja atatu: amene makolo anasiyana, amene ali ndi bizinesi, ndi amene ali ndi nyumba yochititsa lendi. Muonenso chaka chimene chalembedwa pansi pa tsambalo, pakuti makoleji ena amasiya manambala a zaka ziwiri zapitazo.

Zotsatira zadabwitsa mabanja angapo. Koleji ya mtengo wolembedwa $85,000 yatuluka yotsika kuposa yunivesite ya boma ya chigawo china. Sizachilendo. Harvard inalengeza mu 2025 kuti mabanja opeza $100,000 kapena kucheperapo pa chaka salipira kanthu, ndipo ofika $200,000 salipira fizi ya maphunziro. MIT nayo ili ndi malire omwewo. Yunivesite ya boma, mbali inayo, imasamala ana a m'chigawo chake. Mwana wochokera kwina imamulipiritsa fizi yokwera kawiri kapena katatu, thandizo n'kukhala lochepa. Mayunivesite 9 otere tawafufuta pa mindandanda.

Chida china ndi Common Data Set, chikalata chimene makoleji ambiri amasindikiza chaka ndi chaka. Gawo C9 limaonetsa malikisi a SAT ndi ACT a amene analowa chaka chatha. Gawo H2 limaonetsa kuchuluka kwa zosowa za ophunzira zimene koleji inakwaniritsa. Ikalemba 100 peresenti, ndiye kuti imatseka dzenje lonse. Ikalemba 70, dzenje lotsalalo ndi lanu. Lamulo lathu: mndandanda uliwonse ukhale ndi makoleji osachepera awiri amene mwana akhoza kutengedwa mosavuta komanso banja lingalipire popanda ngongole ya makolo. Ophunzira 6, 9 ndi 13 analibe ngakhale imodzi. Tsopano ali nazo.

Seputembala

Makalata ochitira umboni apemphedwa. Makoleji osankha kwambiri amafuna kalata ya mlangizi wa pasukulu ndi a aphunzitsi awiri a maphunziro akuluakulu, makamaka a giredi 11. Common App siyilola kuitana mphunzitsi mwana asanasaine gawo la FERPA, lonena za ufulu wake woona zikalata zake za kusukulu. Onse avomera kusiya ufulu wowerenga makalatawo, chifukwa koleji imakhulupirira kwambiri kalata imene mwana sanaione. Mphunzitsi aliyense wapatsidwa tsamba limodzi lofotokoza zimene mwanayo anachita m'kalasi mwake, ndi milungu yosachepera inayi.

Masikolashipu akuluakulu amatseka mwezi uno, anthu ambiri asanadzidzimuke. Gates Scholarship inatseka pa 15 Seputembala. QuestBridge National College Match ndi Coca-Cola Scholars zimatseka kumapeto kwa mwezi. Anayi atumiza ku QuestBridge. Wophunzira 2 walephera, osati chifukwa cha iye: mphunzitsi mmodzi sanatumize kalata yake nthawi isanakwane, ndipo fomu yosakwanira siyiwerengedwa. Kuyambira lero tsiku lomaliza limene timauza aphunzitsi ndi sabata imodzi tsiku lenileni lisanafike.

Za mayeso: SAT tsopano imalembedwa pa kompyuta kudzera pa pulogalamu ya Bluebook, malikisi ake ndi 400 mpaka 1600. ACT ndi 1 mpaka 36. MIT inabwezeretsa lamulo lofuna mayesowa mu 2022, Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard anatsatira mu 2024, pomwe University of California siyiwayang'ana n'komwe. Kumene kutumiza malikisi kuli kwa kufuna kwa mwana, timatumiza akafika pakati pa manambala a mu C9 kapena kupitirira. Asanu ndi mmodzi alembanso mu Okutobala.

Chimangirizo chachikulu cha Common App ndi cha mawu 250 mpaka 650. Zolemba zoyamba 10 mwa 14 zinali ndi vuto limodzi: mwana akusimba za agogo ake kapena mphunzitsi wa masewera mpaka mawu 500, iye mwini n'kuonekera m'ndime yomaliza. Owerenga akufuna kudziwa momwe mwanayu amaganizira. Gawo la zochita kunja kwa kalasi lili ndi malo 10, ndipo kufotokoza chilichonse ndi zilembo 150 zokha, osati mawu 150. Wophunzira 8 anasiya malowa opanda kanthu chifukwa sali m'kalabu iliyonse, chonsecho amagwira ntchito maola 18 pa sabata ndi kusamalira azing'ono ake awiri. Zimenezo zimalembedwa, ndi maola ake.

Okutobala, sabata yoyamba ndi yachiwiri: FAFSA

Fomu ya 2026–27 inatsegulidwa kumapeto kwa Seputembala, tsiku la 1 Okutobala lisanafike. Ya 2024–25 inachedwa mpaka kumapeto kwa Disembala 2023 ndipo inasokoneza chaka chonse, ndiye chaka chino tayamba bwino. Tsiku lomaliza la boma la federal ndi 30 Juni 2027, koma musalidalire. Zigawo ndi makoleji ali ndi masiku awo oyambirira kwambiri, ndipo ndalama zina zimaperekedwa kwa amene wafika msanga mpaka zitatha.

Ndondomeko imene tatsata ndi iyi. Mwana amatsegula akaunti yake pa StudentAid.gov, kholo nalo yake, aliyense ndi imelo ndi nambala ya foni yakeyake. Kholo lopanda nambala ya Social Security likhoza kutsegula akaunti, kungoti kutsimikizira kuti ndi iyeyo kumatenga nthawi. Mwana amayamba fomu, amaitana kholo, kholo limadzaza gawo lake. Aliyense ayenera kuvomera kuti manambala a msonkho atengedwe ku IRS, nthambi ya boma yotolera msonkho. Apa ndi pamene mabanja awiri anaima. Bambo wina anakana chifukwa sanapereke fomu ya msonkho mu 2024. Chilolezocho chimafunikabe ngakhale munthu sanapereke fomu ya msonkho, ndipo mmodzi akakana, mwana salandira thandizo lililonse la federal, ngakhale ngongole.

Kwa makolo osiyana, lamulo linasintha. Kale ankalemba kholo limene mwana amakhala nalo. Tsopano ndi limene linapereka ndalama zambiri zosamalira mwanayo m'miyezi 12 yapitayi. Kholo limenelo likakhala kuti linakwatiranso, ndalama za mkazi kapena mwamuna watsopanoyo zimalowanso, ngakhale atanena kuti salipirira mwana wa mnzake. Fomu ya wophunzira 11 tinachita kuikonza chifukwa cha ichi.

Cholakwika chodula kwambiri chili pa chuma. Nyumba imene banja limakhalamo siyilembedwa pa FAFSA. Ndalama za penshoni, monga za mu 401k ndi IRA, sizilembedwanso. Mayi wa wophunzira 5 analemba $60,000 za penshoni pa mzere wa ndalama zosungidwa, ndipo nambala ya mwanayo inakwera ndi madola zikwi zingapo mpaka tinakonza. Dziwaninso kuti ndalama za mu akaunti ya mwana zimawerengedwa pa 20 peresenti, za makolo sizipitirira 5.64 peresenti. Madola 4,000 mu akaunti ya mwana amakweza nambala yake ndi $800, omwewo kwa makolo ndi $226 kapena kucheperapo. Ngati mwana akufunika kugula laputopu ndi ndalama zake, agule asanatumize fomu, chifukwa chimene chimalembedwa ndi chimene chili mu akaunti tsiku lotumizalo.

Fomu ikayenda, pamatuluka nambala yotchedwa Student Aid Index. Inalowa m'malo mwa nambala yakale yotchedwa EFC, ndipo ikhoza kutsika mpaka -1500. Si ndalama imene mudzalipire. Ndi muyeso umene koleji imachotsa pa mtengo wake kuti ione kusowa kwa mwana. Kukhala ndi ana awiri ku koleji nthawi imodzi sikuitsitsanso monga kale, ndipo banja la wophunzira 3 lakhumudwa nazo, m'pomveka. Pell Grant ndi thandizo laulere la federal kwa ophunzira osowa, ndipo yokwera kwambiri mu 2025–26 inali $7,395. Mwa 11 athu, 7 akuoneka kuti alandira yonse kapena gawo lake. Fomu imalola makoleji 20, ndipo tawaika onse, ngakhale amene mwana sanatumizeko pempho la malo.

Okutobala, sabata yachinayi: CSS Profile

Iyi ndi fomu ya College Board, bungwe loyendetsa SAT, imene makoleji ambiri a ndalama zawozawo amafuna kuwonjezera pa FAFSA. Ndi yayitali ndipo imafunsa zimene FAFSA imasiya: mtengo wa nyumba ndi ngongole yotsala pa nyumbayo, bizinesi, ndalama zolipira kuchipatala. Koleji yoyamba ndi $25, iliyonse yowonjezera $16, kotero makoleji 8 ndi $137. Mabanja a m'dzikomo opeza $100,000 kapena kucheperapo salipira. Atatu osaloledwa pa FAFSA aja, iyi ndiyo fomu yawo yaikulu.

Chovuta ndi kholo limene silikhala ndi mwana. Makoleji ambiri a CSS amafuna kuti nalonso lilembe fomu yakeyake. Wophunzira 7 sanaonane ndi bambo ake kwa zaka 12. Zikatere pamapemphedwa chikhululuko ku koleji iliyonse payokha, ndi kalata ya munthu wosakhala wachibale amene akudziwa nkhaniyo, monga mlangizi wa pasukulu kapena m'busa. Kungonena kuti bambo akukana kulipira sikokwanira. Koleji imafuna umboni woti palibe kulumikizana kapena kuti kulumikizanako n'koopsa. Mapempho asanu atumizidwa, ndipo yankho likhoza kusiyana koleji ndi koleji.

Novembala

Masiku a Early Decision ndi Early Action, njira ziwiri zofunsira malo msanga, ambiri ndi 1 kapena 15 Novembala. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Early Decision ndi pangano: mwana, kholo ndi mlangizi amasaina kuti akatengedwa apita ndipo achotsa mapempho ena onse. Njira yotulukira ndi imodzi, ngati thandizo la ndalama silikukwanira, koma mumataya mwayi woyerekeza makalata a makoleji osiyanasiyana. Talola awiri okha, ndipo onse ndi ku makoleji okwaniritsa 100 peresenti kumene chowerengera chija chinapereka nambala imene makolo avomera. Wophunzira 10 anafuna kwambiri. Tinakana, chifukwa koleji yakeyo imakwaniritsa gawo lochepa ndipo makolo ake ali ndi bizinesi, kutanthauza kuti chowerengera sichingadaliridwe. Early Action simangiriza munthu, ndiye 12 atumiza kumene kuli kotheka. Mayunivesite ambiri a boma amapereka masikolashipu a malikisi kwa okhawo ofunsira pofika Novembala kapena 1 Disembala, ngakhale tsiku lomaliza lofunsira malo lili kutsogolo.

Atatu afunsira ku University of California, yomwe ili ndi fomu yakeyake ya makampasi 9. Amayankha mafunso anayi mwa 8, lililonse mawu osapitirira 350, ndipo amalemba okha magiredi awo. Magirediwo akopedwe kuchokera pa transcript, chikalata cha magiredi cha kusukulu, osati pamtima, chifukwa amadzayerekezedwa ndi chikalata chomaliza ndipo kusiyana kukhoza kulanditsa malo. Kampasi iliyonse ndi $80, ndipo mabanja osowa amakhululukidwa mpaka makampasi anayi. Pa Common App, 8 akhululukidwa ndalama zofunsira mlangizi wa pasukulu atatsimikiza.

Disembala

QuestBridge inayankha pa 1 Disembala: wophunzira 4 wapeza malo ndi sikolashipu ya zaka zinayi yopanda ngongole. Ntchito yake yatha, kwatsala kusunga magiredi. Mwa awiri a Early Decision, mmodzi watengedwa ndipo kalata ya ndalama yasiyana ndi chowerengera ndi $900 yokha. Winayo pempho lake lakankhidwira ku gulu la Januwale, ndiye pangano lija silikumumanganso.

Vuto la mwezi uno ndi matsamba a makoleji. Mwana akatumiza pempho, koleji iliyonse imamutumizira imelo yotsegulira tsamba lake, ndipo ndi pamenepo pokha pamene imalemba zimene zikusowa. Anayi sanatsegule. Mmodzi anapeza kuti transcript yake sinafike kwa milungu isanu. Tsopano Lamlungu lililonse aliyense amayang'ana matsamba ake onse n'kutitumizira mndandanda wa zosowa.

Januwale 2026

Mapempho 97 onse atumizidwa, ambiri pakati pa 1 ndi 15 Januwale. Tinagwira zimangirizo ziwiri zowonjezera zotchula dzina la koleji ina, zokopedwa osasintha. Magiredi a teremu yoyamba apita kudzera kwa alangizi a pasukulu.

Febuluwale

Mwezi wa mapepala. Makoleji ena a CSS amafuna makope a 1040 ndi W-2 kudzera pa IDOC, tsamba la College Board lotumizira mapepala. Amabweza fomu yosasainidwa, yosowa masamba, kapena yojambulidwa mopendekeka ndi foni. Awiri asankhidwa kuti FAFSA yawo itsimikiziridwe. Si mlandu, koma koleji situlutsa ndalama mpaka mapepala atakwana. Okhala ku California tawakumbutsa za 2 Malichi, tsiku lomaliza la Cal Grant, thandizo la chigawocho, limene limafuna fomu ya ndalama ndi GPA (avereji ya magiredi) yotumizidwa ndi sukulu.

Masikolashipu ang'onoang'ono a $500 mpaka $2,000 a mabungwe a m'dera amatsegulidwa tsopano, ndipo opikisana nawo ndi ochepa. Koma musanathe usiku mukulemba, funsani koleji zimene imachita ndi ndalama zochokera kunja. Ina imachepetsa ngongole ya mwana, zomwe zili bwino. Ina imachotsa ndalama yomweyo pa thandizo lake laulere, banja osapindula kanthu. Maryland inaletsa mchitidwewu m'makoleji a boma mu 2017 ndipo zigawo zina zatsatira, koma si paliponse. Sikolashipu yofuna kuti mulipire kuti mufunsire, isiyeni.

Malichi kumapeto mpaka Epulo pakati: kuwerenga makalata a ndalama

Mayankho onse afika. Aliyense mwa 14 ali ndi malo kwinakwake. Tsopano ntchito yeniyeni.

Makalata a ndalama alibe kalembedwe kamodzi, ndipo ena amasakaniza mphatso ndi ngongole pa mndandanda umodzi ngati ndi chinthu chimodzi. Kalata iliyonse timaiphwanya motere. Pamwamba mtengo wonse wa chaka: fizi, malo ogona, chakudya, mabuku, maulendo, ndi inshuwalansi ya chipatala ngati koleji imakakamiza. Pamenepo timachotsa ndalama zosabweza zokha. Chotsala ndiye mtengo weniweni. Ngongole ndi ntchito ya pakampasi ndi njira zolipirira mtengowo, osati zochepetsera.

Chitsanzo ndi wophunzira 9, manambala tawalemba athunthu. Koleji A mtengo wonse ndi $62,000. Kalata yake pansi yalemba kuti chotsala ndi $0. Mkati mwake: zaulere $41,000, ngongole ya mwana $5,500, work-study $2,500, ndi Parent PLUS $13,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo weniweni ndi $21,000 pa chaka, $84,000 pa zaka zinayi fizi isanakwere. Work-study si ndalama yochotsedwa pa bilu. Mwana ayenera kupeza ntchitoyo yekha, ndipo amalipidwa pang'onopang'ono malinga ndi maola amene wagwira, pomwe bilu ya teremu yoyamba imafunika Ogasiti asanathe. Parent PLUS ndi ngongole ya kholo, m'dzina la kholo. Chiwongoladzanja chake mu 2025–26 ndi 8.94 peresenti, ndipo amadula 4.228 peresenti ndalama zisanafike. Pa $13,000 ndiye kuti pafupifupi $550 imapita pomwepo, ndipo chiwongoladzanja cha chaka chimodzi ndi pafupifupi $1,160, pa ngongole ya chaka choyamba yokha. Kuyambira 1 Julayi 2026 ngongoleyi ili ndi malire a $20,000 pa chaka ndi $65,000 pa mwana mmodzi, kotero banja lodalira PLUS yaikulu likhoza kupezeka latsekeredwa m'chaka chachinayi mwana asanamalize.

Koleji B, ya boma m'chigawo chake, mtengo wonse ndi $29,000, zaulere $17,500. Kalata yake ikuoneka yaing'ono poyerekeza ndi $41,000, ndipo mwanayo anaiona ngati yonyozeka. Mtengo weniweni ndi $11,500, pa zaka zinayi $46,000. Makolo ananena mu Ogasiti kuti angathe $5,000. Ngongole ya mwana $5,500 ndi ntchito ya m'chilimwe zikutseka chotsalacho popanda PLUS.

Ngongole ya federal ya mwana ili ndi malire ake: $5,500 chaka choyamba, $6,500 chachiwiri, $7,500 chachitatu ndi chachinayi, zonse $27,000. Mwa $5,500 yoyambayo, yosapitirira $3,500 ikhoza kukhala subsidized, imene boma limalipirira chiwongoladzanja mwana ali pasukulu. Inayo imayamba kubereka tsiku limene yatuluka. Tikuwerengera pa 6.39 peresenti ya 2025–26 chifukwa mlingo watsopano umayamba pa 1 Julayi. Pa mlingo umenewu, $27,000 yobwezedwa m'zaka 10 ndi pafupifupi $305 pa mwezi. Ife timaona malirewa ngati mpanda wabwino. Koleji imene ikufuna kuti mwana wa zaka 18 awudumphe n'kukakongola kubanki ndi yodula kwa banja limenelo, kaya dzina lake ndi lotchuka chotani.

Pa mphatso iliyonse tafunsa mafunso awiri: kodi imabweranso chaka chilichonse, ndipo pakufunika GPA yanji kuti isachoke? Ya wophunzira 12 ikufuna 3.5, pomwe iye akukaphunzira uinjiniya, kumene magiredi a chaka choyamba amatsika kawirikawiri. Tawerengera zaka zitatu zotsalazo popanda sikolashipuyo kuti banja lione chimene chingachitike. Ya wophunzira 6 ili ndi $4,000 ya chaka choyamba chokha, yolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono.

Epulo, sabata yachitatu: kupempha kuti aonenso

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Makalata asanu opempha kuunikanso atumizidwa. Lamulo limapatsa mkulu wa ofesi ya thandizo la ndalama mphamvu yosintha manambala a FAFSA ngati zinthu zasintha kuchokera mu 2024: kuchotsedwa ntchito, kuchepa kwa malipiro, imfa ya kholo, mabilu aakulu a chipatala. Chigamulo chake ndi chomaliza, sichipita ku boma. Kalata yogwira mtima ndi ya tsamba limodzi: chasintha n'chiyani, liti, ndi ndalama zingati, umboni wake ndi uwu, tikupempha zakuti. Mayi wa wophunzira 13 anachotsedwa ntchito mu Novembala. Tinatumiza kalata yochotsedwera ndi malipiro omaliza, ndipo koleji yawonjezera $6,200. Wophunzira 1 anatumiza kalata ya koleji ina yofanana nayo imene inapereka zambiri, ndipo awonjezera $2,000. Awiri akanidwa. Limodzi silinayankhidwe.

Kumapeto kwa Epulo: pamene tafika

Tsiku loyankha makoleji ndi 1 Meyi, ndipo dipoziti imaperekedwa ku koleji imodzi yokha. Khumi asankha kale, onse popanda ngongole ya makolo. Wophunzira 9 wasankha Koleji B. Mmodzi mwa atatu osaloledwa pa FAFSA wapeza koleji yomupatsa zokwanira. Wachiwiri ayamba ku community college, koleji yotsika mtengo ya m'dera, zaka ziwiri, ndipo tasindikiza kale mndandanda wa maphunziro amene yunivesite ya m'chigawo chake imavomereza akamadzasamukira kumeneko. Wachitatu dzenje lake likadali $14,000 pa chaka. Tapempha koleji imuwonjezere masiku mpaka pempho lake litayankhidwa. Wophunzira 10 ali pa mndandanda wodikira ku koleji imene amaikonda ija. Apereka dipoziti kwina, podziwa kuti sibwezedwa, ndiponso kuti otengedwa mochedwa nthawi zina amapeza thumba la thandizo litachepa.

Zotsala mu Meyi ndi Juni: kuvomera kapena kukana gawo lililonse la thandizo pa tsamba la koleji, kumaliza entrance counseling (phunziro lalifupi la za ngongole) ndi kusaina Master Promissory Note (pangano lobweza ngongole) kwa okongola, kulembetsa malo ogona, kupempha kuti inshuwalansi ya koleji ichotsedwe pa bilu kwa amene ali nayo kale ya makolo, ndi kuonetsetsa kuti sukulu yatumiza transcript yomaliza. Magiredi a wophunzira 8 atsika m'masamu teremu ino. Tikumana ndi mlangizi wake Lachiwiri kuti koleji imve kwa ife zifukwa zake isanaone chikalatacho.